Kuphika Buledi ndi Makina

Ambiri a ife timadya buledi wogula kugolosale. Koma alipo mabanja ena, makamaka m'mizinda momwe muli magetsi, amene amaphika buledi pakhomo pogwiritsa ntchito makina. Makina otere anayamba kupangidwa ku Japan m'zaka za m'ma 1980 ndi kampani ya Matsushita, imene lero imatchedwa Panasonic. Kukula kwake ndi ngati ndowa yaing'ono. M'kati mwake muli chitini chozama, ndipo pansi pa chitinicho pali kachitsulo kozungulira kamene kamagwira ntchito ya mthiko. Munthu akathiramo zonse zofunika ndi kudina batani, makinawo amakanda ufa, amadikira kuti utupe, kenaka amauwotcha. Pakapita maola atatu kapena anayi, buledi wapsa.

Mwina mukuganiza kuti ndi makina otere palibe chimene chingalakwike. Si choncho ayi. Amayi akamaphika nsima amamva m'dzanja ngati yalimba kapena ikufuna ufa wina. Makina alibe maso, alibenso dzanja. Amangopitiriza ntchito ngakhale zinthu zitalakwika. Buledi akakanika ndiye kuti ufa, shuga, mafuta ndi magetsi zapita pachabe, ndipo m'mawa banja limwa tiyi wopanda chomwera.

Kuti timvetse zolakwa zimene anthu amachita, tiyambe tadziwa chimene chimatupitsa buledi. Chinthucho ndi yisiti. Mukamuona m'paketi aoneka ngati timchenga touma, koma yisiti ndi wamoyo. Ndi tinthu ting'onoting'ono ta mtundu umodzi ndi bowa. Akapeza madzi ofunda amadzuka nayamba kudya shuga, ndipo akamadya amatulutsa mpweya. Mpweya umenewu ndiwo umapanga timabowo timene mumationa mukadula buledi.

Popeza yisiti ndi wamoyo, angathenso kufa. Madzi otentha kwambiri, ofika madigiri 60, amamupha. Madzi ozizira kwambiri samupha, koma amamuchititsa ulesi. Madzi oyenera ndi ofunda ngati thupi la munthu. Mukaviikamo chala choyera musamve kuwotcha, musamvenso kuzizira. Yisiti amafanso ndi ukalamba, makamaka paketi ikatsekulidwa nikhala masiku ambiri pamalo otentha kapena achinyezi. Ngati mukumukayika, muyeseni musanawononge ufa. Thirani yisiti pang'ono m'kapu ya madzi ofunda pamodzi ndi shuga pang'ono. Akachita thovu pa mphindi 10, ali moyo. Akangokhala duu, mutayeni.

Mchere nawo sugwirizana ndi yisiti akakhudzana mwachindunji, chifukwa umayamwa madzi a m'thupi mwake. Nchifukwa chake zinthu sizithiridwa m'chitini mwachisawawa. M'makina ambiri timayamba ndi madzi ndi mafuta, kenaka ufa. Mchere timauika pangodya ina, shuga pangodya ina. Pomaliza timaboola kadzenje pamwamba pa ufa ndi kuikamo yisiti. Makina ena amafuna kuti yisiti ayambe ndiye, choncho ndi bwino kuwerenga kabuku kamene kamabwera ndi makinawo. Koma tisanene kuti tingosiya mchere kuti yisiti asavutike. Mchere ndiwo umamuletsa kuthamanga mopitirira, ndipo buledi wopanda mchere ndi wozizira m'kamwa.

Cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri ndicho kusayeza. Kwathu kuno tinazolowera kuyeza ndi maso, ndipo pophika ndiwo palibe vuto. Pa buledi ayi. Pa ufa wa magalamu 500 pamafunika madzi okwana mamililita 300 kapena kuposerapo pang'ono, mchere masupuni aang'ono amodzi ndi theka, ndi yisiti supuni yaing'ono imodzi kapena imodzi ndi theka. Sikelo ndiyo imanena zoona, chifukwa kapu imanama: ufa wotsendereza ndi wolemera kuposa ufa wosefa, ngakhale kapuyo ndi yomweyo. Ena amawonjeza yisiti dala pofuna buledi wamkulu. Chimene chimachitika n'chakuti ufa umatupa msanga mpaka kugunda chivindikiro, kenaka umaphwa ngati chibaluni choboola. Buledi amatuluka ndi dzenje pakati. Madzi akachuluka zimachitikanso chimodzimodzi. Madzi akachepa, buledi amakhala wamfupi ndi wolimba ngati njerwa.

Nanga ufa? Kodi sitingathiremo ufa woyera kapena mgaiwa umene tili nawo kale m'nyumba? Buledi amafuna ufa wa tirigu. Ufa wa tirigu ukanyowa ndi kukandidwa umatamuka ngati ulimbo, ndipo ulimbo umenewu ndiwo umagwira mpweya wa yisiti kuti usathawe. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo wotere. Ndicho chifukwa chake chikondamoyo, ngakhale n'chokoma, sichikhala chofewa ndi chopepuka ngati buledi. Mgaiwa pang'ono mungathe kusakaniza ndi tirigu, koma ukachuluka buledi satupa.

Pali nthawi imodzi imene wophika angathe kubwereka makina maso ake. Makina akakanda kwa mphindi 5 kapena 10, tsekulani chivindikiro musuzumire. Ufa wabwino umaumbika kukhala mpira umodzi wosalala. Ngati ukumwazika ngati dothi louma, thirani supuni imodzi ya madzi. Ngati ukumatirira m'mbali ngati phala, wazani supuni imodzi ya ufa. Musafulumire kuwonjeza ina, yambani mwadikira kuti muone. Nthawi imeneyi ikadutsa, siyani chivindikiro chili chitsekere. Ana ambiri (ndi akulu omwe) amakonda kusuzumira pamene fungo layamba kumveka, osadziwa kuti kutentha kukutuluka ndipo buledi angathe kuphwa.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala ufa umatupa msanga, choncho ndi bwino kuthira madzi ozizirirapo. M'chisanu cha mu Juni ndi Julayi umatupa pang'onopang'ono. Magetsi akazima ufa usanayambe kupsa, musautaye. Utulutseni, muuike mumphika wopaka mafuta, ndipo ukatupa muuwotche pambaula, makala ena pansi ena pamwamba pa chivindikiro, monga mmene amayi amawotchera chikondamoyo.

Makina akalira kusonyeza kuti amaliza, azimitseni ndi manja ouma. Chitini chimakhala chotentha kwambiri, motero mwana aitane munthu wamkulu kuti achitulutse ndi nsalu yokhuthala. Buledi asakhalitse m'chitini, chifukwa nthunzi imamunyowetsa. Mukhuthuleni ndi kumuika pamalo podutsa mpweya, ndipo adikire theka la ola kapena kuposerapo asanadulidwe. Buledi wotentha amaphwanyika ndi mpeni ndipo m'kati mwake mumamata. Musanadule, mutembenuzeni muone kunsi kwake. Nthawi zina kamthiko kaja kamazuka ndi kutsalira m'buledi. Katulutseni ndi kamtengo, osati ndi mpeni, mukatsuke ndi madzi ofunda ndi kukabwezera m'chitini.