Kuyeza Mlingo wa Kuwala Kopha Tizilombo m'Madzi a Zipatso

Alimi anzathu amene mukuganiza zofinya mango, magwafa kapena zinanazi kuti mugulitse madzi ake, dziŵani kuti madzi a zipatso osaphika amatha kufalitsa matenda a m'mimba. M'chaka cha 1996 ku America, madzi a maapozi osaphika anadwalitsa anthu oposa 60 ndipo mwana mmodzi anamwalira. Mu 2001 boma la kumeneko linalamula opanga madziŵa kuti pa tizilombo toopsa 100,000 tilitonse, patsale kamodzi kokha kamoyo.

Njira ina yophera tizilombo popanda moto ndiyo nyali ya UV. Kuwala kwake sikuoneka ndi maso, koma kumaononga tizilombo kuti tisaswanenso. Monga mankhwala othira chimanga m'nkhokwe, kuwalaku kuli ndi mlingo wake. Mukachepetsa, mwataya ndalama pachabe.

Mlingo timaupeza pochulukitsa mphamvu ya kuwala ndi nthaŵi imene madzi akhala pa kuwalako, ndipo timaulemba mJ/cm². Mwachitsanzo, mphamvu ya 2 mW/cm² kwa masekondi 20 ipereka mlingo wa 40, umene maiko ambiri amafuna pa madzi akumwa.

Vuto nlakuti kuwalaku kumaloŵa bwino m'madzi oyera okha. M'madzi a mango kapena mumkaka kumathera pamwamba penipeni, ndipo tizilombo tapansi timapulumuka. Nchifukwa chake makina abwino amayendetsa madzi mopyapyala kapena kuwavundula kuti dontho lililonse lifike pafupi ndi nyali.

Pali njira ziŵiri zoyezera. Yoyamba ndi kachida kokhala m'makinamo kamene kamaonetsa mphamvu ya nyali. Yachiŵiri ndi ya ku labotale: akatswiri amathira m'madziwo tizilombo tosaopsa toŵerengedwa kale, nkudzaŵerenga totsala madzi atadutsa m'makina. Mlingo woyezedwa pa madzi a maapozi sungagwire pa mango. Chipatso chilichonse chiyezedwe pachokha.

Musanyengedwe poona nyali ikuyaka mobiriŵira. Nyali zambiri zimafooka zikagwira ntchito maola pafupifupi 9,000, ngakhale zikuyakabe. Lembani maola m'buku, pukutani galasi lotchinga nyali kaŵirikaŵiri, ndipo musaiyang'ane ikuyaka chifukwa imapweteka maso.

Gulu lanu lisanagule makina otere, kambiranani ndi mlangizi wa m'dera lanu ndi a Malawi Bureau of Standards. Ngati simungathe kuyeza mlingo, phikani madziwo. Wogula akadwala kamodzi sabweranso.