Phala la Mwana Lisakhale Madzi Okhaokha

Mwana akakwanitsa miyezi 6, mkaka wa m'mawere pawokha umayamba kumuchepera, ndipo m'makomo ambiri m'Malawi chakudya choyamba chomwe amalawa ndi phala. Kuchokera pamenepa mpaka zaka ziwiri ndi nthawi yomwe ana ambiri amabwerera m'mbuyo pa kakulidwe. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ndi 8 okha mwa 100 omwe ankadya mokwanira ndi mwakasinthasintha. Kupinimbira sikudabwitsa anthu msanga; achibale amangoti mwanayo watengera kufupika kwa agogo ake. Komatu chimene chabweza msinkhu chimabwezanso ubongo, ndipo zikapitirira zaka ziwiri n'zovuta kuzikonza.

Nthawi zambiri vuto limayambira mumphika. Poopa kuti mwana angatsamwe, amayi amaphika phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lothira mchere kapena shuga basi. Kamimba ka mwana n'kakang'ono, choncho phala lotere limakadzaza ndi madzi, mwana n'kuoneka wokhuta pomwe thupi silinalandire kanthu. Phala loyenera ndi lolimbirako, loti supuni ikapendekeka lisayenderere. Mgaiwa umaposa ufa woyera, popeza pokonola ndi poviika chimanga zambiri zomanga thupi zimapita ndi gaga ndi madzi.

Ngakhale mgaiwawo pawokha sukwanira. A zaumoyo amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Ambiri amaganiza kuti zimenezi n'za anthu andalama, chonsecho zochuluka zili pakhomo pomwepo. Nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, usipa kapena bonya wosinja, dzira, bonongwe kapena nkhwani wophika n'kupota, kasupuni ka mafuta ophikira, zonsezi zimalowa m'phala bwinobwino. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'Likuni Phala, losakaniza chimanga ndi soya. Mtedza wosinja ukhale wosankhidwa bwino, chifukwa wachuku uli ndi poizoni yemwe amawononga chiwindi. Nthochi, papaya, mapeyala ndi mbatata yofiira mkati ndi zabwino pakati pa chakudya. M'madera ena mudakali chikhulupiriro choti mazira amayambitsa khunyu mwa ana. Si zoona, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona mazira onse akupita kumsika mwana akudya phala lopanda kanthu.

Mwana wa miyezi 6 mpaka 8 amafunika kudya kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo akafika miyezi 9, katatu kapena kanayi, kuwonjezerapo tinatina tomugwira m'mimba. Akamayandikira chaka akhoza kudya nsima ndi ndiwo zenizeni zofewetsedwa, osati kungomusunsira mumsuzi. Azikhala ndi mbale yakeyake, chifukwa akamadyera limodzi ndi akuluake amapitiriridwa, komanso mayi sangadziwe kuti wadya zochuluka bwanji. Kuyamwa kumapitirira mpaka zaka ziwiri kapena kupyola apo. Womudyetsa ayenera kusamba m'manja ndi sopo, n'kusambitsanso timanja ta mwanayo, pakuti kutsegula m'mimba kumachotsa msanga zomwe phala labwino linamanga. Mwana akadwala sasiyitsidwa bere kapena chakudya. Amapatsidwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo akachira amawonjezeredwa kuti abwezeretse thupi.

Umboni woti mwana akudya bwino umaoneka kusikelo. Kumeneko alangizi a zaumoyo amamuyeza kulemera mwezi ndi mwezi, kulemba m'buku lake, kuyeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu, ndi kumupatsa vitamini A pa miyezi 6 iliyonse. Mzere wa m'bukumo ukaima kapena kutsika, ndiye kuti pali chofunika kufufuza. Kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lofiirira lothothoka ndi kusowa chilakolako cha chakudya, zomwe ena amathamangira kunena kuti ndi tsempho, ndi zizindikiro za kunyentchera koopsa ndipo mwana wotere amafunika chipatala tsiku lomwelo. Chiponde chimene amalandira kumeneko ndi mankhwala oyezedwa molingana ndi kulemera kwake, choncho sichigawidwa kwa ana ena a m'nyumbamo kapena kugulitsidwa.