Mzamba amaphunzitsidwa bwanji, nanga mpingo ungatengepo gawo lanji?

Ku Shimabala, m'mbali mwa mseu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Kafue, mayi woyembekezera matenda akamuyamba, banja limayamba kufunafuna galimoto yomufikitsa ku chipatala. Koma chipatala si nyumba chabe. Chimene chimapulumutsa mayi ndi mwana ndi munthu amene wawalandira, amene amadziwa kusiyanitsa kubereka koyenda bwino ndi kubereka kumene kwayamba kuvuta. Munthu ameneyu ndi mzamba, ndipo luso lake limadza ndi maphunziro a zaka.

Ntchito imeneyi ndi yakale. Pa Eksodo 1 timawerenga za Sifra ndi Puwa, azamba a Ahebri amene anaopa Mulungu koposa Farao, nasunga ana amoyo. Pa Genesis 35 timaonanso Rakele akumwalira pobereka Benjamini, mzamba ali pambali pake. Malemba sabisa kuti uchembere uli ndi chimwemwe ndi zoopsa zomwe.

Zimene chiwerengero chikuonetsa

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2007 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo mu Zambia, amayi 591 ankamwalira ali ndi pakati, pobereka kapena atangobereka kumene. Mu 2013 ndi 2014 chiwerengerochi chinatsika kufika pa 398, ndipo mu 2018 chinali 278. M'zaka zomwezo amayi oberekera ku chipatala anachuluka, kuchoka pa 48 kufika pa 84 mwa amayi 100 alionse. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Komabe 278 ndi maliro ambiri, ndipo mu 2019 boma linalengeza kuti imfa za amayi ndi makanda ndi vuto lofunika kuthana nalo mwamsanga.

Njira zolowera ntchitoyi

Kale munthu ankayamba waphunzira unamwino, kenako n'kuwonjezera maphunziro a uzamba. Njira imeneyi ikadalipo. Koma poona kuchepa kwa azamba, mu 2008 dziko lathu linatsegula njira yachiwiri: wophunzira amene watsiriza giledi 12 atha kulowa sukulu ya uzamba osayamba wakhala namwino. Dipuloma yake imatenga zaka zitatu. Pamafunika kukhoza bwino maphunziro asanu, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Anyamata nawonso amalandiridwa, ndipo m'zipatala zathu muli azamba aamuna.

Bungwe loyang'anira zonsezi ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene kale linkatchedwa General Nursing Council mpaka lamulo latsopano la mu 2019. Ndilo limavomereza sukulu, kulembetsa ophunzira, kupereka mayeso omaliza ndi chilolezo chogwirira ntchito.

Amaphunzira chiyani?

M'kalasi wophunzira amayamba ndi kapangidwe ka thupi la munthu, mankhwala ndi ukhondo. Amayeserera pa zidole asanakhudze mayi weniweni. Kenako amapita m'zipatala, usana ndi usiku, akuyang'aniridwa ndi azamba odziwa, ndipo mayi aliyense amene wamuthandiza amalembedwa m'buku lake.

Ku sikelo amaphunzira kuyeza kuthamanga kwa magazi, kumva kugunda kwa mtima wa mwana ndi kuona mmene wagonera m'mimba. Amayeza HIV ndi chindoko kuti mwana abadwe wotetezeka, ndi kupereka mankhwala oteteza malungo ndi owonjezera magazi. M'chipinda choberekera amalemba pa pepala lapadera mmene njira ikutsegukira, kuti adziwe msanga ngati mwana wakanika kutuluka.

Kutaya magazi ambiri pambuyo pobereka ndi chimodzi mwa zimene zimapha amayi kwambiri, ndipo kungatenge moyo m'maola ochepa. N'chifukwa chake mzamba amabaya jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, kuti chiberekero chilimbe. Mayi akayamba kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, pali mankhwala a magnesium sulphate. Khanda likabadwa losapuma, mzamba amaphunzitsidwa kulithandiza kupuma m'mphindi yoyamba yomweyo. Phunziro lina lalikulu ndi kudziwa malire ake: nthawi yotumiza mayi ku chipatala chachikulu cha Kafue kapena ku UTH ku Lusaka, kumene angachitidwe opaleshoni.

Nanga azamba akumudzi?

Amayi athu ambiri achikulire analandira ana m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo tiyenera kuwalemekeza. Koma magazi akayamba kutayika, manja okha sakwanira. Choncho ndondomeko ya boma tsopano ndi yakuti mayi aliyense azichirira ku chipatala. Ambiri mwa azamba akumudzi alowa m'magulu a SMAG, amene amayendera amayi oyembekezera, kuwakumbutsa za sikelo ndi kuwaperekeza ku chipatala nthawi ikakwana.

Gawo la mpingo

Mipingo si yachilendo pa ntchitoyi. Chipatala cha Chikankata cha Salvation Army, St Francis ku Katete ndi Macha cha Brethren in Christ zaphunzitsa anamwino kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 1970 zipatala za mipingo zimagwirizana m'bungwe la CHAZ. Nafenso pa mpingo wathu tili ndi chochita.

Choyamba, makolo: sukulu zophunzitsa zaumoyo zachuluka m'dera la Lusaka ndi Kafue. Musanalipire ngakhale ngwee imodzi, funsani ku Nursing and Midwifery Council ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka. Funsaninso kuti ophunzira amayeserera ntchito ku chipatala chiti. Pepala lochokera ku sukulu yosavomerezeka silipatsa mwana chilolezo.

Chachiwiri, akulu a mpingo ndi a chigwirizano cha amayi angaone mtsikana kapena mnyamata wakhama amene wasowa fizi, yunifomu kapena mabuku, namuthandiza. Ntchito ya boma sipezeka tsiku lotsiriza sukulu, motero wophunzirayo amafuna kulimbikitsidwa ngakhale atatsiriza.

Chachitatu, abambo perekezani akazi anu ku sikelo ndipo sungani ndalama ya galimoto nthawi isanakwane. Pemphero ndi chipatala sizitsutsana. Mayi akayamba kutaya magazi, kutupa nkhope kapena kumva mutu waukulu, tipemphere tili kale pa ulendo.

Chaka chilichonse pa 5 May dziko lonse lapansi limakumbukira azamba. Pa Sabata loyandikira tsikulo, tiyeni tiitane azamba ndi ophunzira a mumpingo mwathu kutsogolo, tiwathokoze ndi kuwapempherera.