Mpumulo wa Mtima pa Kongwe

Chiyambire 1894, pamene Mbusa Robert Blake anakhazikitsa misyoni kuno kwa Msakambewa, Akhristu a pa Kongwe timaika khasu pansi tsiku la Sabata. Koma kodi mitima imapumula? Ife akulu a mpingo timaona makolo m'tchalitchi, maso ali kwa mlaliki, mtima uli kuchigafa cha fodya ndi kungongole ya feteleza. Ana nawo amafika m'kalasi ndi nkhaŵa zomwezo, zotola kunyumba.

Pa Mateyu 11:28 Ambuye aitana olema, ngongole zawo zisanathe. Tikumbukira mayi wina wamasiye wa m'mlaga mwathu pa njala ya 2002. Madzulo ankasonkhanitsa ana ake, natchula mavuto ake limodzilimodzi pamaso pa Mulungu. Nkhokwe inali yopanda kanthu ndithu, koma iye ankagona tulo kufikira tambala atalira.