Kachilombo kanachoka, kutopa kunatsala

Kuchipatala anamutulutsa kalekale, kachilombo sikakupezekanso m'thupi, koma akangosamba basi, mpweya wathawa, akufuna pogona. Abale ayamba kunong'onezana kuti ndi ulesi. Umu ndi momwe ena omwe anadwala Covid-19 akukhalira mpaka lero.

Mu Okutobala 2021, bungwe la WHO linafotokoza vutoli, lomwe ambiri amalitcha long Covid: zizindikiro zomwe zilipobe patatha miyezi 3 chidwalireni, zokhala miyezi yosachepera 2, popanda nthenda ina yoziyambitsa. Zazikulu ndi kutopa, kubanika ndi kuiwalaiwala. Ku England sanadikire zimenezi, chifukwa mu Okutobala 2020 bungwe la zaumoyo la NHS linali litaika kale mapaundi 10 miliyoni otsegulira zipatala za odwalawa. Mwa ogwira ntchito mmenemo muli akatswiri a occupational therapy.

Akatswiriwa sapereka mapiritsi. Amafunsa momwe tsiku la wodwala limayendera, kuyambira podzuka mpaka pogona, n'kuona pomwe mphamvu zikuthera. Mphamvu za munthu wotere zili ngati mayunitsi a magetsi: ukayatsa zonse m'mawa, madzulo uli mumdima. Choncho amamuphunzitsa kusamba atakhala pampando, kudula ndiwo atakhala pansi, kuchapa lero n'kusita mawa, kuika ziwiya pafupi kuti asamawerame. Woiwalaiwala amalemba zochita m'kabuku kapena kutchera alamu pafoni. Chovuta kwambiri kuchizolowera ndi kupuma asanatope.

Apa ndi pomwe malangizo athu aja oti "dzilimbitseni, yendaniyendani" amapweteketsa. Kwa ambiri mwa odwalawa, kudzikakamiza kumabweza matenda, ndipo zowawa zake sizibwera pomwepo ayi, zimadza mawa kapena mkuja. N'chifukwa chake WHO imachenjeza kuti wodwala wotere asapatsidwe masewera olimbitsa thupi omangowonjezera mlingo. Kubwerera kuntchito nakonso kumafuna kuyamba ndi maola ochepa.

Ku Malawi, komwe Covid-19 inapezeka koyamba pa 2 Epulo 2020, akatswiri otere ndi ochepa ndipo ambiri ali m'mizinda, monga ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre. Ndiye ntchito yaikulu yagwera apabanja ndi mabwana. Ngati m'bale wanu sanabwerere mwakale chidwalireni, pitani naye kuchipatala akamupime mtima ndi mapapo, ndipo mukafunse za chithandizo cha akatswiriwa.