Ndani ali ndi mawu pa majini a mwana wosabadwa?

Mu Novembala 2018, wasayansi wa ku China, He Jiankui, analengeza pa YouTube kuti kwabadwa atsikana amapasa omwe iye anawasintha majini akadali miluza. Ndikati majini sindikunena ziwanda ayi. Ndikunena tizigawo ta DNA tija timaphunzira mu Biology, tomwe timasunga malangizo a mmene thupi limapangidwira.

Iyeyu anagwiritsa ntchito CRISPR-Cas9, njira yomwe imagwira ngati sizasi: imapeza malo enaake pa DNA n'kudula. Anadula jini yotchedwa CCR5, yomwe imapanga khomo limene HIV imalowera m'maselo oteteza thupi. Ankati akatseka khomolo, anawo sadzatenga kachilomboka.

Zikumveka bwino eti? Koma taganizani. Mukasintha mluza, kusinthako kumatha kufika ngakhale m'maselo oberekera, ndiye kuti ana ndi zidzukulu za atsikanawa akhoza kudzatengera. Komanso sizasi ija nthawi zina imadula malo olakwika. Chinanso, njira zotetezera mwana ku HIV zinalipo kale. Mu Disembala 2019 khoti la ku Shenzhen linamugamula kuti akakhale kundende zaka 3.

Chimene chimandivuta kwambiri ine n'chakuti anthu anamva nkhaniyi ana atabadwa kale. Wasayansi angatiuze kuti chinthu n'chotheka komanso kuopsa kwake. Koma funso loti "kodi n'choyenera?" silingayankhidwe ndi maikulosikopu. Kodi tilole kuchotsa matenda okha, kapena ndi kusankha msinkhu womwe? Nanga osauka adzakwanitsa? Anthu olumala angamve bwanji?

Pali njira ina. Mu 2022, ku Wellcome Genome Campus pafupi ndi Cambridge, anthu 21 omwe mabanja awo akukhudzidwa ndi matenda akumtundu anakhala pansi masiku 4. Anamvetsera akatswiri, kuwapanikiza ndi mafunso, kenako n'kuvota. Anthu 17 anati boma la UK liganizire zosintha lamulo kuti miluza izisinthidwa pofuna kupewa matenda oopsa, 4 anakana. Votiyo siinasinthe lamulo, koma mawu a eni mavutowo anamveka zinthu zisanachitike.

Nkhaniyi si ya kutali. Matenda a sickle cell, omwe aliponso kwathu kuno, amachokera pa jini imodzi. Tsiku lina funsoli lidzatipeza. Inuyo mukanakhala mmodzi mwa anthu 21 aja, mukanavota bwanji, ndipo chifukwa chiyani? Kambiranani m'kalasi, musaope kutsutsana.