Penti amakalamba, ndipo ukalamba wake umapimika

Anthu kuno ku Salima akamva kuti ntchito yanga ndi yopima zithunzi zojambula pamanja, ambiri amaganiza kuti ndili ndi makina oti ndikangowalozetsa pachithunzi amatchula chaka chimene chinajambulidwa. Makina otero kulibe. Chimene timapima ndi zinthu zimene wojambula anasakaniza ndi mmene zasinthira. Zaka timachita kuzilondola kuchokera pamenepo.

Penti aliyense ali ndi zinthu ziwiri: ufa wopatsa mtundu, ndi chomatira chogwiriza ufawo pakhoma, pathanthwe kapena pansalu. Chomatiracho chikhoza kukhala mafuta, dzira, utomoni wa mtengo, njereza, kapena akiriliki amene mumamuona pazithunzi zambiri za asodzi ndi mabwato zogulitsidwa ku Senga Bay. Akiriliki ndi pulasitiki, ndipo ojambula anayamba kumupeza m'sitolo cha m'ma 1950. Ndiye wina akakuuzani kuti chithunzi cha akiriliki ndi cha nthawi ya David Livingstone, musataye ndalama.

Ufa timaupima ndi chida chogwira m'manja chotchedwa XRF. Chimawomba X-ray pakadontho kamodzi, ndipo chitsulo chilichonse chimene chili m'pentimo chimabweza kuwala kwa mphamvu yakeyake. Pakompyuta pamaoneka ayironi, mtovu, zinki kapena titaniyamu. Chithunzi sichikandika n'komwe. Koma chidachi sichiona chomatira, choncho chomatiracho timachipima ndi kuwala kwa infrared, kapena kutenga kachibenthu kochepa kuposa njere ya mchenga, kukauika m'utomoni wouma, kukadula n'kukayang'ana pamaikulosikopu. Pamenepo timaona penti ataunjikana mizeremizere: pansi choyalira, pamwamba mtundu, kenako vanishi, mwinanso penti wa munthu wina amene anadzakonza pambuyo pake.

Mtundu umene umaulula zambiri ndi woyera. Kwa zaka mazanamazana ojambula a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito woyera wa mtovu. Wa zinki unabwera m'zaka za m'ma 1800, ndipo wa titaniyamu unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920. Wolfgang Beltracchi wa ku Germany anapusitsa akatswiri ndi zithunzi zachinyengo kwa zaka zambiri, mpaka titaniyamu anapezeka m'chithunzi chimene ankati anajambula ndi Heinrich Campendonk mu 1914. Mu 2011 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Taonani mmene umboniwu umagwirira ntchito: sunena chaka chenicheni, umangonena kuti chithunzichi sichingakhale chakale kuposa penti wake.

Nkhani yathu yaikulu ili pamapiri amene timawaona kumadzulo tikamatsika ndi msewu wa M5. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira n'zakale, za Abatwa amene ena amati Akafula. Zoyera zinajambulidwa ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina gule wamkulu. Kufiirako n'kwa ayironi, yemweyo amene amafiiritsa katondo, ndipo kuyerako n'kwa dothi loyera limene linapakidwa ndi zala. Pamene mitundu iwiriyi yakumana, choyera chimakhala pamwamba, umboni wosafuna makina woti chinabwera pambuyo.

Funso limene aliyense amafunsa pa malo a ku Chongoni monga Mphunzi kapena Chentcherere n'lakuti zofiirazo zili ndi zaka zingati. Njira ya radiocarbon imawerenga kaboni wa mtundu wina amene amatha ndi theka pa zaka 5,730 zilizonse chamoyo chikafa. Imafuna makala, magazi, mafuta kapena china chimene chinakhalapo ndi moyo. Ayironi wa m'dothi alibe kaboni, ndipo chomatira chimene anasakanizamo chimakhala kuti chinawola kalekale. Chinanso, pathanthwe pamayanga kansalu ka mchere wotchedwa calcium oxalate, kamene kali ndi kaboni wakewake wosokoneza chiwerengero. Mu 2017 Adelphine Bonneau ndi anzake anasindikiza zotsatira za zithunzi za ku Botswana, Lesotho ndi South Africa. Anayamba azindikira penti wakuda wa kaboni, n'kutsuka mcherewo ndi asidi, kenako n'kupima. Zina za ku Botswana zinapezeka kuti zinapitirira zaka 4,000. Ntchito yosamala chonchi ndimaifunira Chongoni ndi mtima wonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti umboniwo timaufafaniza tokha. Mlendo amathira madzi pachithunzi kuti chiwale pafoni, osadziwa kuti madziwo amasungunula dothi loyera ndi kudzutsa mchere. Wina amalembapo dzina ndi makala, motero amathira kaboni wa lero pamalo oti adzapimidwe. Thukuta la chala chimodzi limachitanso zomwezo.

Kuno kunyanja ukalamba wa penti umathamanga. Dzuwa la Okutobala limadula timaunyolo ta chomatira mpaka penti amasanduka fumbi lotsalira m'manja. Vanishi amachita chikasu. Chinyezi cha m'dzinja chimakwera m'khoma chitanyamula mchere wa m'nthaka ndi wa m'simenti, ndipo chikauma mcherewo umatupa kunsi kwa penti n'kumusenda. Onjezani chuku ndi zitosi za mileme. Ndikamaganiza za zithunzi za pamakoma a Chamare Museum ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, komanso za m'matchalitchi ndi m'masukulu athu, izi ndi zimene zimandidetsa nkhawa.

Ngati pampingo kapena pasukulu panu pali chithunzi chikusendeka, musathamangire kupakapo penti wamafuta kapena vanishi. Zimenezo zimatsekera chinyezi mkati, ndipo khoma la njereza limafuna kupuma. Musachipalenso ndi sandipepa, chifukwa penti wakale akhoza kukhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake limawononga ubongo wa ana. Konzani denga ndi ngalande kaye. Chijambuleni bwino masana, tolani zibenthu zogwa m'pepala loyera, lembani pamene zagwera, kenako dziwitsani a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kuti atumize munthu wodzapima.